Nthochi za Kumtunda kwa Chitsime Changa

Ku Ndirande mukafunsa za Namakhwa palibe angakulozereni nyumba yanga. Funsani kuti "kwa a Mfuko aja anathira palafini m'chitsime," ndiye aliyense akuuzani njira. Dzina la Mfuko sindilikana, pakuti moyo wanga wonse ndadyera pansi pa nthaka, kukumba zimbudzi, zitsime ndi maziko a nyumba za anthu. Koma za palafinizo akunama. M'chitsime sindinathiremo kanthu ine, ndipo ndisanafe ndikufuna nkhaniyi imveke mmene inayendera. Linali dzinja lotsatira chisankho choyamba cha zipani zambiri chija.

Okutobala

Zokolola za chaka chimenecho zinali zochititsa manyazi. Ife amene tinkadalira thumba lochokera kumudzi ku Mulanje tinalandira kalata m'malo mwa chimanga. Kwacha inali itagwa, ndipo mtengo wa ufa mumsika unkasintha munthu uli pamzere. Anthu anati demokalase ndi ufulu, nakwera phiri la Ndirande ndi nkhwangwa kukadula mitengo ndi kutsegula minda. Nanenso ndinagwirako kachigawo kanga, sindingabise. Ganyu wanga anasowa, chifukwa munthu wosadya sakumbitsa chimbudzi.

Kenako mipopi inauma. Pa kiyosiki pamene tinkagula madzi, zidebe zinkakhala pamzere masiku atatu osadontheramo kanthu. Ine ndinali ndi chitsime kuseri kwa nyumba, chimene ndinakumba pa chilala chija cha zaka ziwiri m'mbuyomo kuti mkazi wanga, make Esnati, azithirira mpiru ndi tomato. Sichinali cha madzi akumwa. Koma ludzu silifunsa, ndipo amayi a mzere wathu wonse anayamba kubwera ndi ndowa. Wina ankasiya kapu ya ufa, wina nyemba za m'manja, wina madeya. Pakhomo pathu panali ana anayi, ndipo anawo ankadya chitsime chimenecho.

Tsiku lina kunabwera mayi wachitsikana wochokera ku ofesi ya zaumoyo, dzina lake Mayi Chirwa. Anali ndi pepala lalikulu la mapu, tepi yoyezera ndi zitini zitatu za penti. Anamuperekeza a Makwinja, tcheya wa komiti ya dera lathu, munthu wokonda kuyenda kutsogolo ngakhale njira sakuidziwa.

"Bambo, tikulemba zitsime zonse za kuno," anatero mayiyo. "Tikufuna tidziwe zimene zonyansa zingalowemo mosavuta. Ndikuyang'ana kuya kwa madzi, mtundu wa dothi, kumene malo atsetserekera, ndi kutalika kwa chimbudzi. Chofiira ndi choopsa, chachikasu ndi chokayikitsa, chobiriwira ndi chabwino."

Anagwira ntchito yake mosamala, ndipo pa zimenezo sindimunena. Anaponya chingwe m'chitsime, anafikisa dothi lakatondo m'manja, anakoka tepi mpaka pa chimbudzi chathu chimene chinali kutali, kumunsi. Dzuwa litamuwotcha anakakhala pamthunzi wa nthochi zinayi za kumtunda kwa chitsime, nayala mapu ake pamiyendo, nalemba. Atatero anapaka zobiriwira pa simenti ya pakamwa pa chitsime.

Ine ndinangoima ndi chipewa m'manja. Kwathu kuno chimbudzi chikadzaza timachikwirira ndi kudzalapo nthochi. Nthochi imakondwa pamenepo, komanso imauza aliyense wobwera m'mbuyo kuti pano usakumbe. Nthochi zinayi zimene mayiyo anausapo zinali zimbudzi zinayi za mdadada wa lendi umene unali kumtunda kwathu. Zonse ndinakumba ndine. Chomaliza chija ndinatsika nacho mpaka pa mwala wofumbutuka, madzi nayamba kutuluka m'ming'alu, mwini nyumba nati pitirizani, chikhale chakuya. Mwala womwewo ndi umene ndinaupeza pansi pa chitsime changa, mapazi khumi ndi asanu okha kumunsi kwake.

Mayi Chirwa anandifunsa ngati pali china choti adziwe. Ndinati palibe.

Novembala

Mvula inagwa kamodzi, yabodza, ndipo tonse tinathamangira kuphiri kukadzala. Chimanga chinamera, chinaima masabata awiri, chinapsa. Mbewu yobwereza tinachita kupempha.

Penti ya Mayi Chirwa inabala mphekesera zake. Ena anati mitunduyo ndi ya zipani, akulemba amene anavota molakwa kuti asadzalandire chithandizo. Bambo wina anakhula zofiira za pa chitsime chake ndi mwala mpaka zala kutuluka magazi. Koma ambiri anamvetsa, ndipo zitsime zofiira anazisiya. Chobiriwira m'chigawo chathu chonse chinali changa chokha. Mzere wa ndowa unafika mpaka pa shedi ya Che Saidi, mnansi wathu wokhoma zidebe, amene tinakhala naye zaka khumi ndi ziwiri popanda kukangana ngakhale za nkhuku.

Ndinamuuza make Esnati za nthochi zija. Anasiya kupeta madeya nandiyang'ana.

"Bambo a Esnati, kodi munthu wadwala?"

"Sanadwale. Madzi ali pansi kwambiri panopa, sakufika m'maenje muja. Koma mvula ikadzagwa yeniyeni adzakwera."

"Ndiye ikadzagwa tidzaona. Anthu a sukulu ayeza, apaka. Inu wa piki mukufuna mukawaphunzitse ntchito? Mukatseka chitsimechi anawa muwadyetsa nthochi zanuzo?"

Kunena zoona, mumtima ndinkafuna andiletse kuulula. Chimene ndinachita n'chakuti ndinalamula kuti madzi akumwa a m'nyumba mwathu aziwiritsidwa. Nkhuni zinalipo zambiri, phiri lonse linali pansi. Ana athu ankamwa madzi owiritsa, a anzathu ankamwa otunga, ndipo sitinauze munthu. Pa zonse za chaka chimenecho, ichi ndiye chimandichititsa manyazi mpaka lero.

Disembala

Kumwamba kunkachita mdima masana, mphepo n'kubwera, mitambo n'kupita ku Chiradzulu. Tinadzala kachitatu. Ku depoti yogulitsa chimanga anthu ankafola kuyambira m'mawa n'kubwerera ndi matumba opinda m'khwapa. Madeya, amene kale tinkapatsa nkhuku, anayamba kuyezedwa ndi mbale pamsika ngati mpunga.

Kunabwera ganyu wokonza ngalande za m'misewu, malipiro ake chimanga chachikasu chochokera kunja. Wolemba mayina anali a Makwinja, ndipo langa analilemba koyambirira.

"A Mfuko ndi munthu wathu," ankatero. "Chitsime chawo chatichotsa manyazi. Alendo akabwera ndimawaonetsa kuti kuno kwa ine kuli madzi ovomerezeka ndi boma."

Ankanena ngati anakumba ndi iwo. Khirisimasi imeneyo, pamene mabanja ena anagona ndi mango owiritsa, ife tinadya kawiri. Ndinanenepa pang'ono chaka cha njala, ndipo anthu ankandiyamikira.

Januwale

Mvula yeniyeni inabwera sabata yachiwiri, masiku anayi osakata. Mtsinje wa Nasolo unasefukira, ngalande zathu zija zinakokoloka. M'mawa wa tsiku lachisanu ndinasuzumira m'chitsime ndipo ndinaona nkhope yanga pafupi, poti ndikanaigwira ndi dzanja. Madzi anali atakwera kuposa msinkhu wa anthu awiri. Anali oyera mbee, osanunkha, okoma. Madzi oipa sabwera atavala sanza.

Kutsekula m'mimba kunayamba sabata yomweyo. Anthu anati ndi chimanga chachikasu, azungu athiramo mankhwala. Ena anati ndi mango aawisi, ena analoza gogo wina wa kumunsi kuti ndi mfiti. Chitsime changa palibe anachitchula, poti chinali chobiriwira. Ndinaona amayi akutunga madzi anga kukasungunulira mchere ndi shuga wa odwala, ndipo ndinati mawa ndinena. Mawa lake ndinatinso mawa.

Asiyatu, mdzukulu wa Che Saidi, anali wa zaka zinayi. Ankakonda kukhala pa shedi n'kumamenya chivindikiro ndi kamtengo, kuti nayenso akukhoma. Anadwala Lachiwiri, anapita naye kuchipatala Lachitatu, Lachinayi dzuwa lisanapendeke tinali kumanda. Kuti anamupha ndi madzi anga, palibe dokotala anandiuza. Koma ine ndinaponya dothi m'manda muja ndikudziwa zimene zili pansi pa nthochi.

Tsiku lotsatira ndinaima pa chitsime ndi kuuza amayi onse a pamzere. Ndinafotokoza za maenje anayi, za mwala wong'aluka, za madzi okwera. Anandiseka.

"A Mfuko, mwayamba liti udokotala?" anatero mayi wina. "Kapena mukufuna tizisiya makapu awiri?"

Ndinakhoma malata pakamwa pa chitsime. Madzulo ake a Makwinja anabwera ndi anthu nakanganula.

"Chitsime ichi chili pa mapu a boma," anatero. "Si chanunso nokha. Kiyosiki ili kutali, ndipo kumeneko madzi ndi a ndalama. Anthu alibe. Inu sukulu munalekeza mu chani kuti mutsutse tepi?"

"A Tcheya, tepi imayeza pamwamba. Ine ndinalowamo pansipo."

"Ndiye tionetseni zonyansazo. Madziwa ndi awa, oyera. Zili kuti?"

Funso limenelo ndiye linandipatsa nzeru. Ndinatenga chitsulo changa chachitali chokumbira, ndinapita pa nthochi yachinayi ija, masana, anthu akuona. Ndinachikhomera pansi mpaka chinalowa chokha m'zofewa, ndinachivuula, ndipo m'bowomo ndinathira botolo lathunthu la palafini amene make Esnati ankasungira koloboyi. Ndinathiranso ndowa ziwiri za madzi pamwamba pake.

"Mwaona nonse," ndinatero. "Ndathira m'chimbudzi chakale, osati m'chitsime. Ngati palibe njira pansipa, mwataya chiyani? Ndataya ndine palafini wanga."

Anthu anabalalika akuti njala yandizunguza mutu. Mvula inagwanso. Tsiku loyamba panalibe kanthu, lachiwiri chimodzimodzi, ndipo a Makwinja ankadutsa akuimba mluzu. Tsiku lachisanu m'mawa ndinamva mayi akukuwa kumzere wa kumunsi kuti phala la mwana likununkha nyali. Pofika masana nyumba iliyonse inali itataya madzi ake. Pamwamba pa chitsime pankayandama timafuta tonyezimira.

Anabwera gulu, ena ndi miyala. Ine ndinakhala pa simenti yobiriwira ija, chitsulo changa pamiyendo, osathawa.

"Wathira poizoni m'madzi! Wapha chitsime!"

"Palafini alibe miyendo," ndinatero. "Wadutsa njira imene zinazo zakhala zikudutsa kuchokera tsiku limene mvula inagwa. Kusiyana kwake, iyeyu amanunkha. Madzi saiwala khwawa, abale anga. Amene akufuna kundigenda agende, koma pano sipamwedwanso."

Mwala umodzi unandipeza paphewa. Winawo unaswa zenera lathu lokhalo lagalasi. Koma kuchokera tsiku limenelo palibe anabweranso ndi ndowa.

Febuluwale

Mwezi uno ngakhale chaka chabwino umaluma, ndiye chaka chimenecho unatafuna. A Makwinja anafufuta dzina langa pa ganyu wa chimanga, ati munthu wowononga chitukuko sangadye za chitukuko. Makapu a ufa anatha. Mpiru wa make Esnati unafa, poti madzi a palafini sathirira ndiwo. Tinadya phala la madeya kamodzi pa tsiku, kenako masamba a maungu opanda chotsira, kenako nthochi zaziwisi zophika. Inde, za kumtunda zomwe zija. Mawu a mkazi wanga anakwanira ndendende.

Esnati, mwana wathu woyamba, anali mu sitandade seveni, ndipo sukulu inali itangokhala yaulere. Anali ndi mutu mwana ameneyo, aphunzitsi ankachita kubwera kunyumba kudzatiuza. Mayi wina wa kutchalitchi anamupezera ntchito yolera ana ku Namiwawa, kuti pakhomo pachepe pakamwa pamodzi. Tinati ndi za miyezi itatu. Sanabwererenso m'kalasi. Tsiku limene ananyamuka ndi kachikwama kake, make Esnati anandiuza mawu amodzi okha.

"Mwakhuta chilungamo chanu?"

Atatero sanandiyankhulenso mwezi ndi theka. Chakudya ankangondiikira pansi.

Amene ndinkamuopa sanali a Makwinja kapena a miyala aja. Ndinkaopa Che Saidi, amene chichitikire maliro sanatsegule shedi yake. Tsiku lina ndinamupeza atakhala pakhonde, ndipo ndinakhala pansi pambali pake.

"Achimwene," anatero, osandiyang'ana, "za maenjezo munadziwa liti?"

Bodza linali pafupi, ndipo akanalikhulupirira. "Kuyambira tsiku limene anapaka penti, Che Saidi. Ngakhale kale lomwe."

"Okutobala."

"Eya."

"Ana anu ankamwa omwewo?"

"Tinkawiritsa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anaimirira, analowa m'nyumba natseka chitseko bwinobwino, osamenyetsa. Ndikanakonda akanandimenya ndi hamala yake.

Kutsekula m'mimba m'mzere wathu kunachepa mwezi womwewo. Ena anati ndi chifukwa chimanga chachikasu chinatha. Anene zimene akufuna.

Malichi

Mayi Chirwa anabweranso, atamva kuti munthu wina wawononga chitsime chake chobiriwira. Anafika nkhope ili gwa, a Makwinja ali patsogolo monga mwa masiku onse. Ndinamutengera pa nthochi paja, ndinamuonetsa bowo la chitsulo, ndinamufotokozera zonse. Nditamaliza anafunsa kuti, "Nthochi iliyonse ya muno ndi chimbudzi?"

"Osati iliyonse, mayi. Ya m'dimba ndi nthochi chabe. Koma mukaiona kuseri kwa nyumba, yobiriwira bii pamene zinzake zafota, pansi potitimira pang'ono, musakhalepo n'kumalemba."

Anayang'ana pamene anakhala tsiku lija, ndipo anagwira pakamwa. Anandikalipira kuti palafini sathira pansi, akanatha kufika m'zitsime za ena, ndipo ndikanabwera ku ofesi. Ndinamufunsa ngati mlonda wa pageti akanalola munthu wonunkha dothi ngati ine kulowa kukatsutsa mapu. Sanayankhe. Kenako anandifunsa chifukwa chimene sindinanene mu Okutobala, ndipo apo amene sanayankhe ndine.

Masiku asanu ndi anayi tinayenda limodzi, iye ndi mapu, ine ndi chitsulo, m'mimba muli kulira. Ndinamuonetsa maenje amene ndinakumba ine, amene anakumba anzanga, pamene mwala uli pafupi, pamene dothi ndi mchenga wongomwa madzi, pamene katondo ndi wochindikala woti chonyansa sichingadutse. Nthochi iliyonse yokayikitsa ankaiika kamtanda. Zitsime zina zachikasu zinasanduka zofiira, ndipo eni ake ananditukwana mpaka amayi anga ku Mulanje. Chimodzi chofiira, cha mayi wamasiye wa kumtunda, chinapezeka kuti n'chabwino, poti chimbudzi chimene anachiopera chinali kutsidya kwa thanthwe. Mayi ameneyo yekha ndiye anandipatsa chinangwa.

A Makwinja anayenda nafe tsiku limodzi. Titafika pakhomo pawo n'kuwerenga nthochi, anakumbukira kuti ali ndi msonkhano.

Epulo

Chimanga cha kuphiri, chodzala kachitatu chija, chinatipatsa zitsononkho zazifupi ngati chala. Tinakazinga, tinadya, tinakhala moyo. Madzi a pa kiyosiki anayamba kubwera tsiku lililonse, ndipo anthu anayamba kuiwala. Apo ndiye ndinachita mantha. Fungo la palafini linali kutha, ndipo ndinadziwa kuti chilala china chikadzabwera, wina adzakhula penti yofiira imene Mayi Chirwa anapaka pamwamba pa yobiriwira, n'kuponyamo ndowa. Mwinanso wina ameneyo adzakhala ine.

Loweruka lina m'mawa ndinayamba kukwirira. Chitsime chimene ndinakumba masabata atatu ndi manja angawa, chimene chinadyetsa ana anga, ndinayamba kuchiponyera miyala ndi dothi. Anthu ankadutsa n'kumati Mfuko wapenga zenizeni tsopano. Mphamvu ndinalibe, fosholo iliyonse inkandizunguza mutu.

Dzuwa lili pamutu ndinamva mapazi kumbuyo. Anali Che Saidi, atanyamula ndowa yatsopano yokhoma yekha, yodzaza dothi. Anakhuthulira m'chitsime, anabwerera, anabweranso ndi ina. Sanandipatse moni ndipo ine sindinayerekeze. Tinagwira ntchito mpaka madzulo, dzenje linadzaza. Pochoka anaima pang'ono.

"Sindinakukhululukireni, achimwene," anatero. "Ndabwerera ana a anthu ena."

Tinakhala moyandikana zaka zina zisanu ndi zitatu mpaka anamwalira. Moni tinkapatsana, koma pakhonde pake sindinakhalenso.

Ndili kupondaponda dothi lija, make Esnati anatuluka kuseri kwa nyumba ndi khasu m'dzanja limodzi, mwana wa nthochi m'dzanja linalo. Anakumba pakati penipeni, anadzala, anatsendera ndi phazi.

"Penti imafufutika," anatero. Amenewo anali mawu ake oyamba kwa ine chichokere Esnati.

Esnati lero amagulitsa kaunjika ku Limbe. Akandiwerengera kalata ya kuchipatala, mawu a Chingerezi akutuluka bwinobwino, ndimayang'ana kumbali. Anthu amandifunsa ngati ndimanong'oneza bondo za palafini uja. Ndimatero ndithu. Ndimanong'oneza bondo kuti sindinamuthire mu Okutobala.

Nthochi ija inabereka, inaphukira, lero ndi phata lalikulu. Kuchokera nthawi imeneyo mipopi yauma kangati konse, ndipo anthu akumba zitsime paliponse m'dera lino, koma pamenepo palibe anaikapo piki. Alendi atsopano akamadutsa amaloza n'kuuzana kuti apa panali chimbudzi. Ine sindiwatsutsa.